Tiyambe ndi potchajira, thirakitala ibwere pambuyo



Nkhani ya ulendo uno inayambira pakhonde la mzikiti titatha Jumuah, mu Okutobala wa chaka china chomwe mafuta anasowa m'dziko muno. Mabanja angapo tinali titasonkherana ndalama kuti tibwereke thirakitala idzagaule minda yathu ya mpunga kudambo mvula isanagwe. Ndalama tinapereka, thirakitala inabweradi, inalima tsiku limodzi ndi theka, kenako zii. Mafuta atha. Mnyamata woyendetsa anatenga zigubu n'kukagona pamzere kuboma masiku atatu, n'kubwerako ndi malita ochepa ogula kwa mavenda pamtengo woti ukaumva mutu umazungulira. Pamene ntchito inkatha, mvula yoyamba inali itagwa kale, ndipo ena mwa ife tinabwerera ku khasu.

Tili mkati modandaula, mkulu wina, yemwe wakhala akupalasa bwato kuyambira tisanabadwe, analoza kumwamba n'kunena kuti: "Dzuwa lonseli likungotiwotcha chabe, bwanji osalithira m'thirakitalamo?" Tinaseka. Koma titabwerera kunyumba funso lija silinatichoke. Foni timatchaja ndi sola. Nyali zowedzera usipa, zomwe kale zinkamwa parafini, ambiri tsopano akugwiritsa za mabatire. Nanga makina akuluakulu, monga thirakitala, katapila wokumba ngalande, injini ya boti, n'chiyani chikuletsa?

Maganizo athu ndi awa, ndipo tiwanene poyamba pomwe kuti wotsutsa adziwe potsutsa. Makina a magetsi adzafika kumidzi kuno, ndipo ena afika kale. Koma tikayamba n'kulakalaka thirakitala yaikulu ya batire, tidzagula chitsulo chokhalira nkhuku. Choyamba kumanga ndi malo otchajira, a ife eni, okhala ndi mapanelo ndi mabatire okwanira. Pamenepo tilumikizepo makina ang'onoang'ono ndi aja osayenda. Akuluakulu aja apitirize kumwa dizilo kaye mpaka nthawi yawo itakwana.

Chifukwa chake chili m'masamu, ndiye tipirireni pang'ono tiwerengere limodzi. Aliyense amene anagulapo magetsi a ESCOM amadziwa mayunitsi. Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 10. Koma injini ya dizilo ndi yowononga: pa mphamvu imeneyo, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndi lomwe limasanduka ntchito, yotsalayo imathera mu kutentha ndi utsi. Mota ya magetsi siitero, pa mayunitsi 10 alionse pafupifupi 9 amagwira ntchito. Apa magetsi apambana, palibe kukana.

Vuto lili ponyamula mphamvuyo. Titenge thirakitala yapakatikati yomwe ikamagaula imamwa malita 10 pa ola. Ikagwira maola 8, ndiye malita 80, ndipo kulemera kwake sikufika ngakhale matumba awiri a chimanga. Kuti thirakitala ya magetsi igwire ntchito yomweyo, ikufunika mayunitsi oyandikira 300. Batire losunga mayunitsi amenewo, ngakhale la makono la lithium, limalemera pafupifupi matani awiri, ndiye kuti matumba 40. Tangoganizani katundu ameneyo akulowa m'dambo lonyowa. Ndipo kuti batirelo lidzadze tsiku lililonse, poti panelo limodzi lalikulu limapereka mayunitsi awiri kapena awiri ndi theka pa tsiku la dzuwa labwino, pafunika mapanelo opitirira 100. Thirakitala imodzi yokha imeneyo, eti. Kuonjezera apo, nthawi yomwe dzuwa likuwala ndi yomweyo thirakitala ili kumunda, osati potchajira. Ndiye pafunikanso batire lina losunga mphamvu kudikira usiku, kapena mabatire awiri osinthana.

Wina anena kuti, aaa, nanga si tingolumikiza ku ESCOM? Kumene mawaya anafika, inde. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi omwe ankaunikira ndi magetsi, ndipo ochuluka mwa iwo ndi a m'tauni. Ntchito ya MAREP yafikitsa mapolo m'misika yambiri ya kumidzi, tiyamike, koma thiransifoma yomwe anaikira magolosale, mavidiyo ndi ometa tsitsi sinapangidwire kutchaja makina olemera. Komanso munda suli pamsika. Dooko silili pamsika. Ndipo tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mdima unatenga miyezi yambirimbiri mpaka anakonza mu 2023. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Shire akadwala, tonse tadwala.

Tiyeni tione anzathu a ndalama zambiri akuchita bwanji, chifukwa iwo ndiwo ali patsogolo pa nkhaniyi. Ku Zambia, pa mgodi wa kopa wa Kansanshi ku Solwezi, magalimoto akuluakulu onyamula miyala amakwera chitunda atagwira mawaya a m'mwamba, ngati mmene sitima za magetsi zimachitira, ndipo mu 2024 anayamba kuyesapo galimoto ya batire ya kampani ya Hitachi. Koma taonani, anayamba aika kaye mawaya. Ku Australia, m'chipululu cha Pilbara komwe kuli kutali ndi mizinda, kampani ya Fortescue inagwirizana ndi Liebherr mu 2024 kuti igule makina 475 osatulutsa utsi, ambiri mwa iwo magalimoto a mabatire. Pambali pa makinawo kampaniyi ikumanga minda yakeyake ya sola ndi mawaya akeake. Ngakhale makampani monga JCB ndi Volvo, pomwe anayamba kugulitsa akatapila a batire, anayamba ndi ang'onoang'ono, okumba ngalande za mapaipi m'mizinda momwe potchajira pali pafupi. Phunziro ndi limodzi paliponse: magetsi amatsogola, makina amatsatira. Ngati a mabiliyoni akuyamba ndi potchajira, ife a ndalama za usipa ndi mpunga tingayambe ndi thirakitala?

Izi sizikutanthauza kuti tipinde manja. Kuno kwathu komwe kuli chitsanzo chomwe chatipatsa chidwi. Bungwe la Tiyeni, lomwe limaphunzitsa ulimi wa mizere yakuya kumpoto ndi madera ena, linagwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya Loughborough ya ku Britain ndi anzawo ena kupanga kathirakitala kakang'ono ka batire kotchedwa Aftrak. Munthu amakayendetsa akuyenda pambuyo pake. Ntchito yake ndi kuswa dothi lolimba lija lomwe limapangika pansi pa mizere tikamalima ndi khasu pa kuya kumodzimodzi chaka ndi chaka, lomwe limaletsa madzi ndi mizu kulowa pansi. Kamatchajidwa pa mapanelo oikidwa m'mudzi, ndipo mapanelo omwewo amapereka magetsi ku nyumba. Mu 2024 ntchitoyi inapambana mphoto ya Milken-Motsepe ya ndalama zokwana madola 1 miliyoni. Chomwe tikuyamikira si mphotoyo ayi, koma nzeru yake: anachepetsa makina kuti agwirizane ndi dzuwa lomwe mudzi ungakolole. Minda yathu yambiri ndi ya ekala imodzi kapena awiri. Thirakitala yaikulu imavutika ndi potembenukira pomwe.

Kunyanja nakonso kuli chitsanzo. Pa nyanja ya Victoria ku Kenya, ku Mbita, kampani ya Asobo inayamba kubwereketsa injini za magetsi kwa asodzi a kansomba kofanana ndi usipa wathu. Msodzi sagula injini kapena batire. Amalipira lendi, amatenga batire lodzadza madzulo, n'kulibweza m'mawa kuti litchajidwe masana. Usodzi wa usiku ndi sola n'zogwirizana mwachibadwa: boti likamapuma masana, batire likudya dzuwa. Sitikunena kuti injini imeneyi ingalowe m'malo mwa ya petulo kwa amene amapita kutali pakati pa nyanja mwera ukuomba. Pamenepo moyo wa anthu uli pa chiswe, ndipo batire likatha palibe chigubu chothiramo. Koma kwa oyenda mitunda yaifupi, ku Malombe, ku Chilwa ndi m'magombe ena, nkhaniyi ndi yofunika kuiyesa.

Tsono malo otchajira tikunenawa ndi otani? Si chinthu chachilendo. Ku Sitolo m'boma la Mchinji kuli magetsi a sola a mudzi omwe sadalira ESCOM. Ku Bondo ku Mulanje anthu akhala akugwiritsa magetsi ochokera mu mtsinje wa m'phiri kwa zaka zambiri. Ku Golomoti m'boma la Dedza kuli munda wa sola wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire akuluakulu, ndipo ku Salima kuli wina wa mamegawati 60. Ndiye zoti dzuwa la kuno lingayendetse zinthu zolemera si nkhambakamwa. Chomwe ife tikufuna ndi chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi zimenezo: mapanelo makumi angapo, nyumba ya mabatire yopita mphepo, mpanda wabwino ndi mlonda, pafupi ndi dooko kapena sikimu ya mpunga.

Chinsinsi choti malo otere adzilipire okha ndi chakuti asagone. Panelo lomwe lapsa ndi dzuwa tsiku lonse popanda cholumikizapo ndi ndalama yotayika. Mwamwayi, kalendala yathu ya kumudzi imagawa ntchito bwino. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ndi nthawi ya chigayo ndi makina opunthira mpunga. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala ndi nthawi ya mapampu othirira kudimba. Sepitembala mpaka Novembala, pamene dzuwa lafika pachimake, ndi nthawi yogaula, ndipo timathirakitala tating'ono tingadye mphamvu imeneyo. Kumapeto kwa chaka komweko ndi pamene nyanja imatsekedwa ku makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye mabatire a asodzi ena angathandize kumunda. Chaka chonse pali mafiriji ndi ayezi, zomwe zingapulumutse nsomba zomwe timagulitsa motchipa masana chifukwa choopa kuti zionongeka. Mlimi payekha sangakwanitse, msodzi payekha sangakwanitse, koma akagawana malo amodzi masamu amayamba kuvomera. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo pa mndandanda umenewu, choyamba kuchotsa pa dizilo ndi makina osayenda. Pampu yothirira ya mapanelo anayi kapena asanu ndi limodzi siifuna n'komwe batire: dzuwa likatuluka madzi akwera, ukathira m'thanki kapena m'damu, madziwo ndiwo batire lako. Chigayo chikhoza kugaya masana dzuwa lili pamutu. Makina otere salemedwa ndi batire chifukwa sapita kulikonse. Lita iliyonse yomwe yapulumuka pa chigayo ndi pa pampu ndi lita yomwe ingapite kwa katapila wokonza msewu wa kumudzi kapena wochotsa matope mu ngalande za ku Lifuwu ndi ku Domasi. Makina amenewo, tinene zoona, akhalabe a dizilo kwa zaka zingapo, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Tsopano timve otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Choyamba amati mapanelo ndi mabatire nawonso amagulidwa ndi ndalama zakunja, chimodzimodzi mafuta. Zoona. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sola inakwera limodzi ndi china chilichonse. Koma kusiyana kulipo. Mafuta timagula sabata iliyonse, ndipo lita iliyonse iyenera kuyenda ulendo wochokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Panelo labwino ukagula kamodzi limagwira ntchito zaka zopitirira 20. Batire ndiye limatha msanga, ndipo apa ndi pomwe ntchito zambiri za sola zimafera. Gulu lomwe silisunga ndalama mwezi ndi mwezi zodzagulira mabatire atsopano likudya mbewu. Tsiku lomwe mabatire adzafooke, mapanelo adzasanduka denga la mbuzi.

Chachiwiri amati akaonongeka akonza ndani? Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse. Pa msika uliwonse pali mmisiri yemwe injini ya dizilo amaidziwa ngati chikhatho chake, akangomva kulira kwake wadziwa kale chavuta. Makina a magetsi ali ndi ziwalo zochepa zoyenda, safuna oyilo wa injini kapena mafyuluta, koma kabokosi ka kompyuta kakapsa m'kati, mmisiri wathu uja sapanara yake ilibe ntchito. Tonse tinaonapo mipope ya sola ndi makina a mphatso atangokhala chifukwa kachipangizo kakang'ono kakusowa ndipo omwe anabweretsa anapita kalekale. Ndiye tisalandire makina alionse, kaya ndi aulere, tisanafunse mafunso atatu: zipangizo zosinthira zikupezeka kuti m'dziko muno, ana athu angati aphunzitsidwa kukonza, ndipo batire likatha alitenga ndani? Safunsa anadya phula.

Funso lomalizali tisalipeputse. Batire lakutha ndi poizoni. La mtovu lija ana akaliswa kuti apeze zolemetsera maukonde, mtovuwo umalowa m'magazi n'kuononga ubongo. La lithium likaboola kapena likatentha kwambiri limayaka moto wovuta kuzima, ndipo kutentha kwa ku Mangochi ndi ku Salima mu Okutobala tikukudziwa. Sitingachotse utsi m'mwamba n'kuthira chiphe m'nyanja yomwe timamwa ndi kudyamo. Nyanjayi tinaipeza, ndipo ndi amana m'manja mwathu, tidzayankha za mmene taisiyira. Pachifukwa chomwecho, injini yotchipa kuyendetsa isakhale chilolezo chokokolola nsomba usiku ndi usana. Chambo chachepa kale. Makomiti a m'madooko akhale nawo pa zokambirana kuyambira pa tsiku loyamba.

Chachitatu ndi akuba, fumbi ndi mitambo. Mapanelo amabedwa, n'chifukwa chake malo amodzi otetezedwa ndi abwino kusiyana ndi mapanelo omwazikana m'minda. Fumbi la chilimwe limachepetsa mphamvu, ndiye pakhale munthu wolipidwa wopukuta. M'miyezi ya mvula ndi masiku a chiperoni mphamvu imatsika, ndiye jenereta yaing'ono yodikirira si tchimo. Kuyatsa jenereta masiku ochepa pa chaka n'kosiyana ndi kuidalira tsiku lililonse.

Tifike pa ndalama, pomwe pagona nkhani. Kuno mawu oti katapila ali ndi matanthauzo awiri: wina amakumba nthaka, wina amakumba thumba la munthu. Tisalole kuti pofuna woyambayo tigwe m'manja mwa wachiwiriyo. Makina a magetsi ndi okwera mtengo pogula koma otsika poyendetsa, ndipo chinthu chotere chimakopa ngongole za chiongoladzanja. Kwa ife riba ndi yoletsedwa, ndipo ngakhale kwa anansi athu omwe si Asilamu, chiongoladzanja cha masiku ano chimadya phindu lonse mbewu isanakhwime. Njira zina zilipo. Gulu likhoza kusonkha magawo, aliyense n'kukhala mwini molingana ndi zomwe waika, phindu ndi kuluza n'kugawana. Wamalonda akhoza kugula makina n'kutibwereketsa pa lendi yodziwika, monga achitira asodzi a ku Kenya aja, kukonza kukhala kwa iye. Kapena akhoza kutigulitsa pamtengo umodzi wogwirizana poyamba, wolipira pang'onopang'ono, wosakwera pakati pa njira. Abale athu omwe ali ku Joni ndi ku Britain, omwe amatumiza ndalama zomangira nyumba ndi mizikiti, aganizirenso zoika magawo m'malo otchajira kwawo. Ndipo mabuku a ndalama aziwerengedwa poyera mwezi uliwonse, amayi ogulitsa nsomba ndi olima kudimba akhale m'komiti, chifukwa ndiwo adzagwiritse ntchito friji ndi pampu kuposa wina aliyense. Magulu ambiri sanafe ndi kusowa makina, anafa ndi msungichuma.

Kwa a boma ndi mabungwe, pempho lathu ndi lachidule. A MERA afewetse njira yoti gulu la kumudzi lipeze chilolezo chogulitsa magetsi kwa anansi ake. A TEVETA ndi sukulu za ntchito za manja monga Nasawa ndi Salima, pamodzi ndi sukulu ya za usodzi ya ku Mpwepwe, aziphunzitsa kukonza mamota, mainiveta ndi mabatire, ndipo ayambe ndi amisiri omwe ali kale m'misika. Oona za miyezo atseke khomo la mapanelo ndi mabatire achinyengo omwe adzadza m'mashopu, olembedwa mphamvu zomwe alibe. Ndipo amene akubwera ndi thandizo asatibweretsere chithunzi chokajambula pa tsiku lotsegulira. Atifunse kaye kuti mafuta athu ambiri amathera pati.

Funso limenelo tikhoza kuyamba kuliyankha tokha, osadikira mlendo. Mwezi uno gulu lililonse, kaya ndi la kudooko kaya la kusikimu, litenge kope lilembe makina onse omwe amamwa mafuta m'dera lawo: chigayo, pampu, jenereta, injini ya boti, thirakitala yobwereka. Lilembe malita omwe chilichonse chimamwa pa sabata, miyezi yomwe chimagwira ntchito, ndi maola ake, masana kapena usiku. Pakatha miyezi itatu kopelo lidzatiuza lokha makina oyamba kuchotsa pa mafuta ndi kukula kwa malo otchajira omwe tikufunika. Ndi kope limenelo m'manja, wogulitsa sangatinamize, ndipo wothandiza sangatipatse zomwe sitikufuna.

Mkulu uja tinamuseka pakhonde la mzikiti sanalakwe. Dzuwa likhozadi kulima. Anangodumpha sitepe imodzi: lisanalowe m'thirakitala, liyenera kupeza nkhokwe. Timange nkhokweyo, tiyambe ndi pampu, chigayo, friji ndi kathirakitala koyenda nako pansi. Yaikulu ija ikadzatsika mtengo ndi kupepuka batire, insha Allah, idzatipeza tili ndi potchajira, amisiri athu ndi mabuku oyera.